Seva yodikira ya mafoni: momwe mungaikoperere makonzedwe a Asterisk kuti isamadzuke ndi nkhani zakale

Pa boma la Kasungu pali ofesi ina ya gulu la alimi yomwe ndimaiyang'anira mafoni. Tinaikamo maseva awiri, yaikulu ndi yodikira, ndipo aliyense ankagona tulo. Tsiku lina mu February mphenzi inalowera m'mawaya, seva yaikulu n'kupsa. Ndinayatsa yodikira ija ndikudzitama mumtima. Mafoni analira ndithu, koma nambala 214 ya kuakaunti kunalibe, mawu olandira anthu ankanena za msonkhano womwe unachitika kalekale, ndipo oimba akadina 2 ankagwera pa desiki ya munthu yemwe anasiya ntchito. Amayi oyang'anira ofesi anangondifunsa kuti, "Achimwene, nanga bakapu yanuyi ndi ya chaka chiti?"

Vuto linali langa. Ndinakopera kamodzi, tsiku loika makinawo, miyezi 8 m'mbuyomo, basi. Malangizo awa ndi a njira yomwe ndimatsata tsopano: yodikira imakoka yokha makonzedwe kuchokera ku yaikulu mphindi 5 zilizonse, imakhala chete mpaka nthawi yake, ndipo ikangodzuka imasiya kukopera.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Makompyuta awiri okhala ndi Debian 12, olumikizidwa pa netiweki imodzi ya mu ofesi.
- Asterisk, pulogalamu yoyendetsa mafoni, yofanana pa onse awiri. Ine ndimaika 20 kapena 22, zomwe zimasamalidwa zaka zambiri.
- Mapulogalamu awa pa onse awiri: `apt install rsync keepalived sqlite3 chrony python3`
- Maadiresi atatu a IP omwe rauta sidzapatsa chipangizo china.
- UPS iwiri, seva iliyonse yakeyake, ndipo switch nayo ikhale pa batire.
- Pasiwedi ya tsamba la gateway, kabokosi kaja kokhala ndi ma SIM a TNM ndi Airtel, komanso ya mafoni a pa desiki.
- Maola awiri kapena atatu pomwe ofesi yatsekedwa.

M'zitsanzo zonse, yaikulu ndi `192.168.10.11`, yodikira ndi `192.168.10.12`, ndipo `192.168.10.10` ndi adiresi yoyendayenda. Imeneyi si ya seva iliyonse. Imakhala pa yomwe ikuyankha mafoni nthawi imeneyo. Sinthani manambalawa kuti agwirizane ndi netiweki yanu.

Ngati mumagwiritsa ntchito FreePBX, pulogalamu yosinthira makonzedwe a Asterisk kudzera pa tsamba, yambani mwawerenga gawo lake kumunsiku, chifukwa sitepe 4 siikukhudzani momwe yalembedwera.

## Sitepe 1: Fananitsani makina awiriwo

Pa seva iliyonse lembani:

```
asterisk -V
timedatectl set-timezone Africa/Blantyre
chronyc tracking
id asterisk
```

Nambala ya Asterisk ifanane mpaka kumapeto. Makonzedwe olembedwera mtundu wina amatha kukanidwa ndi wina. Chitsanzo chachikulu ndi `sip.conf`: kuyambira Asterisk 21, chan_sip, gawo lomwe linkawerenga fayiloyi, inachotsedwa, ndiye ngati yaikulu ili pa 18 ndipo idakali pa `sip.conf`, pomwe yodikira mwaikapo 22, mudzakopera fayilo yomwe palibe woiwerenga. Samukirani ku `pjsip.conf` kaye.

Chenjezo: nthawi musaipeputse. Batire yaing'ono ya mu kompyuta ikatha, makina amadzuka ndi deti lolakwika magetsi akabwera. Malamulo oti foni ilire kuofesi masana, usiku ipite kwa alonda, amadalira wotchi imeneyo.

## Sitepe 2: Lozetsani chilichonse ku adiresi yoyendayenda

Mu `/etc/asterisk/pjsip.conf` ya yaikulu:

```
[transport-udp]
type=transport
protocol=udp
bind=192.168.10.10:5060
```

Ambiri amasiya `bind=0.0.0.0`. Zimaoneka ngati zikuyenda, koma seva imatha kuyankha ndi adiresi yake yeniyeni, 11 kapena 12, ndipo gateway yomwe inauzidwa kuti izimvera 10 yokha imataya yankholo. Pa ma endpoint, zigawo za foni iliyonse ndi gateway mu fayilo yomweyi, onjezaninso `media_address=192.168.10.10` ndi `bind_rtp_to_media_address=yes`, kuti mawu nawo azituluka pa adiresi yomweyo. Mukaiwala, mudzamva dandaulo lodziwika lija: "Ine ndikukumvani koma inu simukundimva."

Kenako lowani mu gateway ndi mu foni iliyonse, Yealink kaya Grandstream, musinthe adiresi ya seva ikhale `192.168.10.10`. Ntchito yotopetsa, koma ndi ya kamodzi. Pa nthawi yokonzayi ikani adiresiyo pa yaikulu ndi dzanja kuti mafoni asafe: `ip addr add 192.168.10.10/24 dev eno1`. Dzina la khadi la netiweki lanu mulipeza ndi `ip a`. Zosintha za transport sizilowa ndi reload wamba, Asterisk muyenera kuizimitsa n'kuiyatsanso.

## Sitepe 3: Kiyi wolowera popanda pasiwedi

Yodikira ndi yomwe izikoka. Yaikulu isamakankhe. Chifukwa chake n'chakuti wodziwa ngati ino ndi nthawi yokopera kapena ayi ndi yodikira, monga muonere mu sitepe yotsatira.

Pa yodikira, muli root:

```
ssh-keygen -t ed25519 -f /root/.ssh/kopera -N ""
cat /root/.ssh/kopera.pub
```

Mzere womwe watulukawo ukaikeni mu `/root/.ssh/authorized_keys` ya yaikulu, koma kutsogolo kwake muyambe ndi izi, zonse pa mzere umodzi:

```
from="192.168.10.12",restrict,command="/usr/bin/rrsync -ro /" ssh-ed25519 AAAA...
```

`rrsync` imabwera limodzi ndi rsync, pulogalamu yomwe tizikoperera mafayilo. Ikutanthauza kuti kiyi ameneyu angowerenga mafayilo basi, sangalembe kanthu pa yaikulu, sangayendetse lamulo lina lililonse, ndipo agwira ntchito pokhapokha akuchokera pa 12. Kiyi wopanda pasiwedi wopatsidwa mphamvu zonse za root ali ngati kusiya kiyi wa sitolo pa zenera.

Yesani kamodzi ndi dzanja kuti SSH ikufunseni ngati mukuikhulupirira sevayo, muyankhe `yes`:

```
rsync -e "ssh -i /root/.ssh/kopera" root@192.168.10.11:/etc/asterisk/
```

Mukaona mndandanda wa mafayilo, zatheka. Chenjezo: mukadumpha kuyesaku, cron, yomwe imayendetsa malamulo yokha pa nthawi yoikika, idzalephera pa funso limenelo popanda woliyankha, ndipo simudzakopera kalikonse.

## Sitepe 4: Sankhani zokopera, lembani kapulogalamu

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Makonzedwe a Asterisk sali malo amodzi:

- `/etc/asterisk/` muli manambala a mafoni, mapasiwedi, njira zoyendetsera oimba.
- `/var/lib/asterisk/sounds/` muli mawu omwe munajambula, aja oti "Takulandirani, kuti mulankhule ndi alangizi dinani 1". Awa ndi omwe anthu amaiwala kwambiri. Akasowa, woimba amangomva zii, foni n'kuduka.
- `/var/lib/asterisk/moh/` muli nyimbo zomwe munthu amamvera podikira.
- `/var/spool/asterisk/voicemail/` muli mauthenga omwe oimba anasiya, ndi moni wa bokosi lililonse.
- `/var/lib/asterisk/astdb.sqlite3` muli zinthu zomwe zimasintha makina akuyenda: yemwe walozetsa foni yake kwina, manambala oletsedwa, komanso komwe foni iliyonse inalembetsera.

Fayilo yomalizayi musaikopere mwachindunji Asterisk ikuyenda, mutha kutenga yolembedwa theka. Pa yaikulu pangani foda ndi `mkdir -p /var/backups/pbx`, kenako fayilo `/etc/cron.d/astdb` yokhala ndi mzere uwu:

```
*/5 * * * * root sqlite3 /var/lib/asterisk/astdb.sqlite3 ".backup /var/backups/pbx/astdb.tmp" && mv /var/backups/pbx/astdb.tmp /var/backups/pbx/astdb.sqlite3
```

Pali zina zosayenera kuwoloka, zomwe ndi dzina ndi nkhope ya makina: `/etc/hostname`, `/etc/network/interfaces`, makiyi a mu `/etc/ssh/`, ndi `/etc/keepalived/`. Ndinaonapo mnzanga wina atakopera `/etc` yonse kuti asavutike. Yodikira itayatsidwanso inadzuka ili ndi adiresi ya yaikulu, netiweki yonse n'kusokonekera. M'kati mwa `/etc/asterisk/` momwemo, ine ndimasiya `asterisk.conf`, chifukwa ndimalembamo `systemname` yosiyana pa seva iliyonse kuti ndizidziwa yomwe inayankha foni inayake. Pa yodikira pangani `/etc/pbx-zosakopera.txt`:

```
asterisk.conf
*.bak
*~
```

Tsopano kapulogalamu, `/usr/local/sbin/kopera.sh`, pa yodikira yokha:

```
#!/bin/bash
set -e
UKO=root@192.168.10.11
export RSYNC_RSH="ssh -i /root/.ssh/kopera -o ConnectTimeout=10"
ZAKALE=/var/backups/pbx/$(date +%F-%H%M)

ip -4 addr show | grep -q "192.168.10.10/" && exit 0
[ -e /etc/pbx-osakopera ] && exit 0

rsync -a "$@" --delete --max-delete=20 \
  --exclude-from=/etc/pbx-zosakopera.txt \
  --backup --backup-dir=$ZAKALE \
  $UKO:/etc/asterisk/ /etc/asterisk/
rsync -a "$@" $UKO:/var/lib/asterisk/sounds/ /var/lib/asterisk/sounds/
rsync -a "$@" $UKO:/var/lib/asterisk/moh/ /var/lib/asterisk/moh/
rsync -a "$@" --delete --max-delete=200 \
  $UKO:/var/spool/asterisk/voicemail/ /var/spool/asterisk/voicemail/
rsync -a "$@" --chown=asterisk:asterisk \
  $UKO:/var/backups/pbx/astdb.sqlite3 /var/lib/asterisk/astdb.sqlite3

if [ $# -eq 0 ]; then date > /var/log/kopera-komaliza; fi
```

Malizani ndi `chmod 700 /usr/local/sbin/kopera.sh` ndi `mkdir -p /var/backups/pbx`.

Mizere iwiri yothera ndi `exit 0` ija ndiyo mtima wa zonse. Woyamba ukuti: ngati adiresi yoyendayenda ili pa ine, ndiye kuti ndine ndikugwira ntchito, sindikopera. Wachiwiri ukuti: ngati pali chizindikiro choti ndinagwirapo ntchito ndipo munthu sanabwere kudzayanjanitsa, sindikopera. Popanda wachiwiriwu, zonse zomwe munasintha pa yodikira sabata yomwe yaikulu inali kwa okonza zimafufutika mphindi 5 zokha yaikulu ikangobwerera.

`--delete` imachotsa kuno chilichonse chomwe uko kulibe. N'chida chakuthwa. Disiki ya yaikulu ikayamba kufa, foda n'kuoneka yopanda kanthu, rsync idzasesa yodikira nayo. N'chifukwa chake pali `--max-delete`, yomwe imaimitsa kuchotsako pakadutsa mafayilo 20, ndi `--backup-dir`, yomwe imasunga fayilo yakale iliyonse isanasinthidwe. Fodayi idzakupulumutsani tsiku lomwe wina walemba zolakwika mu `extensions.conf`, zolakwikazo n'kuwolokera ku yodikira musanazindikire.

Chenjezo: kamzere kopendekeka ka kumapeto kwa `/etc/asterisk/` musakachotse. Mukalemba `$UKO:/etc/asterisk` popanda kameneko, rsync ipanga `/etc/asterisk/asterisk/`, foda m'kati mwa foda, ndipo mafayilo enieni sasintha.

## Sitepe 5: Yesani chabe kaye

Zimitsani Asterisk pa yodikira, `systemctl stop asterisk`, kenako:

```
/usr/local/sbin/kopera.sh --dry-run -i
```

Palibe chisinthe, ingokuonetsani zomwe ikanachita. Werengani mzere uliwonse woyamba ndi `*deleting`. Ngati pali fayilo yomwe simukufuna ichoke, ionjezeni mu `/etc/pbx-zosakopera.txt`, chifukwa zolembedwa mmenemo sizikoperedwa komanso sizichotsedwa. Mukakhutira, yendetsani popanda mawu owonjezerawo, kenako mubwerezenso `--dry-run -i`. Ulendo uno isatulutse kanthu, kupatula mwina astdb.

## Sitepe 6: Ipatseni cron

Pa yodikira, `/etc/cron.d/kopera`:

```
*/5 * * * * root flock -n /run/kopera.lock /usr/local/sbin/kopera.sh >> /var/log/kopera.log 2>&1
```

`flock` imaletsa kukopera kwachiwiri kuyamba koyamba kusanathe. Dzina la fayilo ya mu `/etc/cron.d/` lisakhale ndi kadontho, chifukwa Debian imanyalanyaza dzina ngati `kopera.cron` mwakachetechete. Mzere womaliza uthere ndi Enter.

Dikirani mphindi 6, muone `cat /var/log/kopera-komaliza`. Deti ndi nthawi zikhale za pompano.

Zojambulidwa za zokambirana pa foni, za mu `/var/spool/asterisk/monitor/`, sindinaziike mu kapulogalamu dala. Ndi zazikulu. Zipatseni mzere wakewake wa cron woyenda 1 koloko usiku, wopanda `--delete`.

## Sitepe 7: Keepalived, yosankha yemwe ayankhe

Yambani ndi kuletsa Asterisk kudzuka yokha pa maseva onse awiri: `systemctl disable asterisk`. Kuyambira pano woiyatsa ndi keepalived. Atambala awiri salira m'khola limodzi: maseva onse akamalembetsa kwa kampani yomwe imakupatsani SIP trunk, njira yolumikizira mafoni anu ndi akunja kudzera pa intaneti, ndi dzina limodzi, oimba amagwera kwa yomwe yalembetsa komaliza, ndipo mafoni ena amalowa, ena amasochera popanda chifukwa chooneka.

`/etc/keepalived/keepalived.conf` pa yaikulu:

```
global_defs {
  enable_script_security
  script_user root
}
vrrp_instance PBX {
  state BACKUP
  interface eno1
  virtual_router_id 51
  priority 150
  nopreempt
  advert_int 1
  virtual_ipaddress {
    192.168.10.10/24
  }
  notify_master "/usr/local/sbin/dzuka.sh"
  notify_backup "/usr/local/sbin/gona.sh"
  notify_fault "/usr/local/sbin/gona.sh"
  notify_stop "/usr/local/sbin/gona.sh"
}
```

Pa yodikira n'chimodzimodzi, kungoti `priority 100`, ndipo mu `global_defs` onjezani `vrrp_startup_delay 120`.

`gona.sh` ili ndi lamulo limodzi pansi pa `#!/bin/bash`, loti `systemctl stop asterisk`. `dzuka.sh` ili ndi `systemctl start asterisk`, ndipo pa yodikira yokha onjezani mzere wa `touch /etc/pbx-osakopera`. Onse awiri apatseni `chmod 700`.

Musadabwe kuona `state BACKUP` pa yaikulu pomwe. `nopreempt` imagwira ntchito pokhapokha zili choncho, ndipo ntchito yake ndi kuletsa yaikulu kulanda mpando ikangodzuka. Tikufuna ibwerere pa nthawi yomwe ife tasankha, osati pakati pa foni ya abwana.

Masekondi 120 aja ndi a kwathu kuno. Magetsi akathima nthawi yaitali mpaka ma UPS onse kutha, maseva amadzuka limodzi magetsi akabwera, ndipo yofulumira kudzuka ndi yomwe imatenga adiresi. Kawirikawiri imakhala yodikira, poti ndi kakompyuta kakang'ono kopepuka. Kuichedwetsa mphindi 2 kumapatsa yaikulu mpata wokhala pa mpando wake. Onaninso mu BIOS kuti makina onse aikidwa kuti azidziyatsa okha magetsi akabwera.

Chotsani adiresi yomwe munaika ndi dzanja ija, `ip addr del 192.168.10.10/24 dev eno1`, kenako `systemctl enable --now keepalived` pa yaikulu poyamba, pa yodikira pambuyo.

Chenjezo: maseva awiriwa amamvana kudzera mu VRRP, yomwe ndi protocol nambala 112, yotumizidwa ku `224.0.0.18`. Si TCP, si UDP. Firewall ikaitsekereza, seva iliyonse iganiza kuti inzake yafa, zonse ziwiri n'kutenga adiresi imodzi. Lembani `ip a` pa zonse ziwiri: 10 ioneke pa imodzi yokha.

Dziwaninso malire ake. Yaikulu ikafa, yodikira imatenga adiresi patatha masekondi 3 kapena 4, kenako Asterisk imafuna kanthawi kuti idzuke. Omwe anali pakati pa kulankhula foni idzaduka, adzaimbanso. Komanso makonzedwe awa amaona kufa kwa makina kapena kwa chingwe cha netiweki, osati kukomoka kwa Asterisk yokha makina ali moyo.

## Sitepe 8: Zulani chingwe

Asterisk ya pa yodikira imakhala yozimitsa, ndiye ngati china chake chikusowa simungadziwe mpaka tsiku lomwe yadzuka. Njira ndi imodzi, kuidzutsa dala.

1. Onani kuti palibe akulankhula: `asterisk -rx "core show channels"`.
2. Zulani chingwe cha netiweki cha yaikulu.
3. Pa yodikira onani `ip a`, kenako `asterisk -rx "pjsip show contacts"` ndi `asterisk -rx "pjsip show registrations"`.
4. Imbani kuchokera pa desiki ina kupita pa ina.
5. Imbani ndi foni ya m'manja pa nambala ya TNM, kenako pa ya Airtel, mumvere mawu olandira anthu mpaka kumapeto, mudine manambala onse.
6. Imbani kunja. Siyani uthenga, muumvere.

Chitani izi kamodzi pa mwezi. Ine ndimasankha Loweruka masana. Nyengo yogulitsa fodya musayerekeze kuyesa m'mawa, pomwe alimi a ku Santhe, ku Chulu ndi ku Nkhamenya akuimba motsatizana kufunsa ngati mabelo awo adutsa ku Chinkhoma.

## Sitepe 9: Kubwezera yaikulu pa mpando

Apa ndi pomwe ambiri amataya ntchito yawo, ndiye tsatani mwadongosolo.

1. Bwezerani chingwe, kapena yatsani yaikulu yomwe yakonzedwa. Ikhala chete, yodikira ipitiriza kuyankha.
2. Pa yodikira jambulani astdb: `sqlite3 /var/lib/asterisk/astdb.sqlite3 ".backup /var/backups/pbx/astdb.sqlite3"`.
3. Muli pa yaikulu, kokani ndi dzanja kuchokera ku 12: `/etc/asterisk/` kupatula `asterisk.conf`, mawu ojambulidwa, voicemail ndi astdb ija. Gwiritsani ntchito kiyi wanu wa tsiku ndi tsiku, poti kiyi wa `kopera` amalowera mbali imodzi. Yambani ndi `--dry-run -i`.
4. Pomwe palibe akulankhula, pa yodikira lembani `systemctl restart keepalived`. Yaikulu itenga adiresi.
5. Imbani foni yoyesera.
6. Pomaliza penipeni, pa yodikira: `rm /etc/pbx-osakopera`.

Mukaiwala nambala 6, mwabwerera pa nkhani yanga ya mu February ija: yodikira ikhala phee osakopera, miyezi n'kumapita.

## Ngati muli pa FreePBX

FreePBX imasunga makonzedwe mu MariaDB, mu database yotchedwa `asterisk`, ndipo mbiri ya mafoni ili mu `asteriskcdrdb`. Mafayilo othera ndi `_additional.conf` amalembedwanso nthawi iliyonse wina akadina Apply Config kapena kulemba `fwconsole reload`. Choncho mukakopera `/etc/asterisk/` yokha, zioneka bwino mpaka tsiku lomwe wina wadina batani lofiira lija pa yodikira, zonse n'kubwerera ku zakale za mu database yake.

Gwiritsani ntchito Backup & Restore, gawo la Warm Spare, lomwe limatumiza bakapu ku seva yachiwiri n'kuibwezeretsa komweko. Muli zosankha zoti ma trunk akhale ozimitsa pa yodikira, ndi zoti makonzedwe a NAT ndi adiresi asakoperedwe. Zionetsetseni musanayambe. Foda ya `/var/lib/mysql/` musaikopere ndi rsync database ikuyenda.

## Zolakwika zomwe ndimakumana nazo kawirikawiri

Kusintha makonzedwe pa yodikira pomwe yaikulu ili moyo. Mphindi 5 zikakwana zafufutika, munthu n'kumati makina ali ndi mfiti. Lembani dzina la seva ndi pentopeni pa bokosi, ndipo mu `/etc/motd` ya yodikira muikemo mawu akuluakulu oti MUSASINTHE KANTHU PANO.

Maseva onse pa UPS imodzi, kapena pa soketi imodzi. Chomwe chapha yaikulu chipha yodikira. Mphenzi imalowanso kudzera pa chingwe cha netiweki chochokera ku mlongoti wa pa denga kapena ku nyumba ina, ndiye chingwe choterocho chikhale ndi chotetezera chake.

Kuiwala zomwe zili kunja kwa mafoda a Asterisk. Malamulo a firewall, makonzedwe a fail2ban mu `/etc/fail2ban/`, ziphaso za mu `/etc/letsencrypt/`, timapulogalamu ta mu `/var/lib/asterisk/agi-bin/`, ndi makonzedwe otumizira imelo. Pa firewall ya yodikira, 5060 ya UDP ndi 10000 mpaka 20000 za mawu zikhale zotsegulidwa mofanana ndi pa yaikulu. Ngati rauta imalozetsa mafoni ochokera kunja, ilozetse ku 10, osati ku 11.

Kuganiza kuti kukopera ndi bakapu. Chomwe mwafufuta molakwitsa uko chifufutikanso kuno. Foda ya `/var/backups/pbx/` imathandiza, koma ili mu ofesi yomweyo. Kamodzi pa sabata tulutsani kope pa flash, musunge kwina kotsekedwa, poti muli mapasiwedi a mafoni onse.

Disiki kudzaza. Mafoda a zakale aja amachuluka. Ikani mu cron ya yodikira lamulo loyenda kamodzi pa tsiku: `find /var/backups/pbx -mindepth 1 -maxdepth 1 -type d -mtime +60 -exec rm -r {} +`.

Kuika yodikira ku nthambi ina. Ena amafuna yaikulu ikhale pa boma, yodikira ku Chatoloma kapena ku Mtunthama. Kukopera kutheka kudzera pa VPN, ndipo onjezani `-z` ndi `--bwlimit=200` kuti bandulo isathe, koma adiresi yoyendayenda imafuna netiweki imodzi. Pamenepo mugwiritse ntchito malo a seva yachiwiri omwe mafoni a Yealink ndi Grandstream ali nawo, ndipo ma trunk a yodikira muziwayatsa ndi dzanja.

Kuikanso Debian pa yaikulu. Makiyi ake a SSH amasintha, yodikira n'kukana kulumikizana nayo, ndipo cholakwikacho chimangolembedwa mu `/var/log/kopera.log` momwe palibe amawerenga. Pa yodikira lembani `ssh-keygen -R 192.168.10.11`, bwezerani mzere uja mu `authorized_keys` ya yaikulu, kenako mubwereze kuyesa kwa mu sitepe 3. Samalani: yaikulu yongoikidwa kumene ili ndi makonzedwe opanda kanthu, ndiye fayilo ya `/etc/pbx-osakopera` ikhalepo mpaka mutamaliza sitepe 9.

Osayang'ana deti. Ku ofesi ija tsopano, Lolemba lililonse m'mawa mnyamata wa pa resepishoni amalowa pa yodikira ndi akaunti yongowerenga, n'kulemba `cat /var/log/kopera-komaliza`. Deti likakhala la lero amapitiriza ntchito zake. Likakhala la dzulo kapena la kale, amanditumizira chithunzi pa WhatsApp.